Funsani a Sayansi: Kodi DNA, RNA ndi mapuloteni zinayamba bwanji kugwirira ntchito limodzi?

Makalata ambiri a mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi: makina a majini amene ali m'selo lililonse, la bakiteriya kaya la munthu, anayamba bwanji pamene moyo unkayamba padziko. Mafunso ena tawafupikitsa.

Ndimaphunzitsa ana a Folomu 4 kuti DNA imasunga malangizo opangira mapuloteni, komanso kuti DNA singakoperedwe popanda maenzaimu, amene nawonso ndi mapuloteni. Mwana wina wandifunsa kuti ndiye chinayamba n'chiti. Ndimuyankhe bwanji? — Mphunzitsi wa Biology, Area 25

Aphunzitsi, mumuuze kuti pa ziwirizo palibe chimene chikuoneka kuti chinatsogola. Umboni ukuloza kwa RNA, imene mabuku a sukulu amangoitchula modutsa.

RNA ndi chingwe cha zilembo zinayi: A, U, G ndi C. Chilembo chilichonse, chimene akatswiri amati nucleotide, chili ndi zigawo zitatu: shuga wotchedwa ribose, fosifeti, ndi base, imene imasiyanitsa chilembo china ndi chinzake. A imagwirana ndi U, G imagwirana ndi C, ndipo n'chifukwa chake chingwe chimodzi chimatha kukhala chikombole choumbira chinzake. Koma popeza RNA nthawi zambiri imayenda yokha, yopanda chingwe chinzake, imadzipinda n'kudzigwira yokha m'malo ena, n'kukhala kachinthu ka mapanga ndi mphako. Mphako zoterozo ndi zimene enzaimu imagwirira ntchito. Choncho molekyu imodzi imatha zonse ziwiri, kusunga malangizo ndi kufulumizitsa ntchito.

Carl Woese, Francis Crick ndi Leslie Orgel analiganizira izi cha m'ma 1967 ndi 1968, koma opanda umboni. Mu 1982 gulu la Thomas Cech ku Colorado linapeza RNA ya Tetrahymena, kamoyo ka selo limodzi ka m'madzi, ikudzidula ndi kudzilumikiza popanda puloteni. Mu 1983 gulu la Sidney Altman linaonetsa kuti mu enzaimu ya RNase P chogwira ntchito ndi RNA. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1989.

Kwa ife umboni wolemera kuposa wonse ndi ribosome, makina amene amalumikiza ma amino asidi kuti akhale puloteni. M'chaka cha 2000 gulu la Thomas Steitz ndi Peter Moore ku Yale linajambula gawo lake lalikulu atomu ndi atomu. Pamalo pamene ma amino asidi awiri amalumikizidwa anapezapo RNA yokhayokha. Puloteni yapafupi inali pa mtunda wa ma angstrom 18 (angstrom ndi muyeso wa kukula kwa atomu), kutali moti singakhudze zochitikazo. Puloteni iliyonse ya m'thupi mwanu inalumikizidwa ndi RNA.

Zizindikiro zina zili ponseponse m'selo. ATP, NAD, FAD ndi coenzyme A, zimene maenzaimu mazanamazana amadalira, zonse zanyamula chidutswa cha chilembo A cha RNA. NAD ndi ija thupi limapanga kuchokera ku vitamini B3, imene ikasowa, monga kwa munthu wodya nsima ya chimanga yopanda nyemba, mtedza kapena nsomba kwa nthawi yaitali, khungu limathetheka pakhosi ndi m'manja, matenda a pellagra. Mu NAD chidutswa cha A sichilowa nawo mu ntchito yeniyeni, ndi pogwirira chabe, ndipo pogwirira pa mtundu umenewo n'poyenera enzaimu ya RNA. Komanso selo silipanga zilembo za DNA mwachindunji. Limayamba lapanga za RNA, kenako enzaimu ya ribonucleotide reductase imachotsapo atomu imodzi ya okosijeni. T, chilembo chimene DNA ili nacho m'malo mwa U, imapangidwa kuchokera ku U. Ngakhale pokopera DNA, selo limayambira pa kachidutswa ka RNA.

Chabwino, RNA ndiyo inayamba. Nanga zigawo zake zinachokera kuti, maselo ozipanga kulibe? — Wophunzira zaulimi, Bunda

Achimwene, apa ndiye pamene pali ntchito, ndipo amene angakuuzeni kuti zonse zinatheka kale akukunamizani.

Dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo miyala ya ku Pilbara ku Australia ndi ya ku Barberton ku South Africa imaonetsa kuti pofika zaka pafupifupi 3.5 biliyoni zapitazo tizamoyo tinalipo kale. Mpweya wa okosijeni umene timapumawu kunalibe. Mu 1952 Stanley Miller ku Chicago anatsekera madzi, methane, ammonia ndi hydrogen m'mabotolo olumikizana, akuwiritsa madziwo ndi kuthethetsa magetsi mu nthunziyo ngati mphenzi. Patatha sabata madzi anafiirira, ndipo munapezeka ma amino asidi monga glycine ndi alanine. Vuto n'lakuti lero akatswiri a miyala amati mlengalenga munali kwambiri carbon dioxide ndi nitrogen, ndipo mu mpweya wotero zokolola zimachepa. Komabe ma amino asidi ndiwo gawo losavuta.

Mu 1961 Joan Oró anatenthetsa hydrogen cyanide ndi ammonia m'madzi n'kupeza adenine, base ya chilembo A. Mamolekyu asanu a cyanide akaphatikana, maatomu ake amakwanira ndendende adenine imodzi. Cyanide ameneyu ndi poizoni yemwe uja amene amatuluka m'chinangwa chowawa, amene amachititsa kuti chiviikidwe masiku angapo chisanasinjidwe ufa wa kondowole.

Shuga ndiye amavuta. Mukatenthetsa formaldehyde m'madzi a laimu mumapeza mitundu yambirimbiri ya shuga, ribose ali wosakwana 1 peresenti, ndipo mukachedwa kuzimitsa zonse zimasanduka phula lofiirira. Ribose yemweyo salimba: m'madzi owira pa 100°C theka lake limatha m'mphindi 73. Ndipo ngakhale mutakhala ndi ribose ndi base ya C kapena U zoyera bwino, mukazisakaniza sizilumikizana. Izi zinaimitsa ofufuza kwa zaka pafupifupi 40.

Mu 2009 John Sutherland ndi Matthew Powner ku Manchester analambalala vutoli posapanga shuga payekha ndi base payokha. Choyamba anasakaniza glycolaldehyde, wa makaboni awiri, ndi cyanamide, n'kupeza 2-aminooxazole, kamolekyu kamene mbali ina ndi chiyambi cha shuga, mbali ina chiyambi cha base. Kenako anathira glyceraldehyde, wa makaboni atatu, ndipo shuga wa makaboni asanu anakwanira ali womangirira kale. Cyanoacetylene anamalizitsa base. Poumitsa ndi kutenthetsa pamodzi ndi fosifeti ndi urea, chilembo C chinatuluka chathunthu. Pomaliza, cheza cha dzuwa cha UV chinaononga zopangika molakwika zambiri n'kusandutsa gawo la C kukhala U. Fosifeti inali m'menemo kuyambira pachiyambi, ikuletsa madziwo kusintha ukali wa asidi.

Zimene zimalakwika ndi ziwiri. Zosakanizazo ziyenera kubwera motsatana. Glyceraldehyde akakumana ndi cyanamide nthawi isanakwane mumapeza chinthu china chosafunika. Mu labotale dzanja la munthu ndilo limaika ndondomeko, pamene m'chilengedwe pakufunika timitsinje tosiyana tokumana pa nthawi yake. Chachiwiri, pamafunika fosifeti yambiri, koma fosifeti ikakumana ndi kashiamu imauma kukhala mwala wa apatite, wonga wa ku Tundulu ku Phalombe. Inu a zaulimi mukudziwa kuti mwala umenewo susungunuka msanga m'munda, n'chifukwa chake mafakitale a feteleza amayamba authira asidi. Yankho limene laperekedwa ndi nyanja za soda zopanda mtsinje wotuluka, mmene carbonate amayamba kulanda kashiamu, fosifeti n'kutsala m'madzi.

Kulumikiza zilembo kuti zikhale chingwe kuli ndi vuto lakenso. Mfundo iliyonse imatulutsa molekyu imodzi ya madzi, ndiye m'madzi ambiri ntchitoyi imabwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake ofufuza ambiri amayang'ana m'mbali mwa maiwe amene amaphwa n'kudzazanso, pafupi ndi akasupe otentha a mtundu wa ku Chiweta kapena ku Nkhotakota. Mu 1996 James Ferris ndi anzake anapeza zingwe za zilembo pafupifupi 50 pa dongo la montmorillonite, ngakhale kuti zilembozo anali ataziwonjezera mphamvu kale ndipo ankathira zatsopano tsiku ndi tsiku. Ena amakonda akasupe a pansi pa nyanja, monga Lost City mu Atlantic amene anapezeka mu 2000. Mphamvu kumeneko ilipo, koma dzuwa silifika ndipo kulibe kuuma. Pa nkhani ya RNA, zotsatira za m'labotale zakomera kwambiri maiwe a kumtunda.

Kodi n'zoona kuti zinagwa kuchokera kumwamba ndi miyala? — Wowerenga wa ku Likuni

Bambo, zigawo zina inde. Mwala umene unagwa ku Murchison ku Australia mu 1969 uli ndi ma amino asidi ambirimbiri, ndipo mu 2019 munapezekanso ribose. Fumbi lolemera magalamu pafupifupi 120 limene chombo cha OSIRIS-REx chinabweretsa mu 2023 kuchokera ku Bennu, mwala wa m'mlengalenga, linali ndi ma base onse asanu a DNA ndi RNA, komanso ma amino asidi 14 mwa 20 amene maselo amagwiritsa ntchito. Zimenezi zikungosonyeza kuti zigawozo zimapangika zokha mosavuta. Chingwe cha RNA sichinapezeke m'mwala uliwonse.

Ife a mu labotale timadziwa kuti magazi oyezera viral load akakhala pa kutentha, RNA ya kachilombo imaonongeka. Chinthu chosalimba chonchi chikanakhala bwanji padziko lopanda firiji, mpaka kumadzikopera chokha? — Woyeza magazi pa chipatala china, Lilongwe

Mayi, m'magazi chimene chimadya RNA mwachangu ndi maenzaimu a RNase, amene nthawi imeneyo kunalibe. Koma kufooka kwina n'kwachibadwa. Pa kaboni wachiwiri wa ribose pali OH (atomu ya okosijeni ndi ya hydrogen) imene imatembenukira fosifeti yoyandikana nayo n'kudula chingwe. Kutentha, madzi a soda ndi magnesium zimafulumizitsa kudukako. Chovuta n'chakuti OH yomweyo ndi magnesium yemweyo ndizo zimathandiza RNA kupindika ndi kugwira ntchito ya enzaimu.

Firiji yachilengedwe mwina inalipo. Madzi amchere akamaundana, pakati pa madzi oundanawo pamatsala timipata ta madzi osaundana, mmene mchere ndi zilembo zimaunjikana, kuzizira n'kumateteza chingwe. Mu 2013 gulu la Philipp Holliger ku Cambridge linasankha RNA pa -7°C, ndipo imene inatuluka, ya zilembo 202, inatha kulumikiza zilembo 206. Musathamange kusangalala: inatero pa chikombole chosavuta chobwerezabwereza, osati pa chingwe chopindika ngati chake.

RNA zoterezi zimapezeka motere. Mu 1993 David Bartel ndi Jack Szostak anapanga zingwe zosiyanasiyana zoposa 1,000 thiriliyoni, zilembo zake zitaikidwa mwachisawawa. Anasefa zimene zinatha kudzilumikiza ku kachingwe kena, kuzichulukitsa molola zolakwika pang'ono, n'kusefanso. Atabwereza ka 10, zotsalazo zinkalumikiza mofulumira kuwirikiza ka 7 miliyoni kuposa mmene zingwe zimalumikizirana popanda enzaimu. Mu 2001 mdzukulu wa RNA imeneyo anatha kukopera zilembo 14. Mu 2009 Tracey Lincoln ndi Gerald Joyce anapanga RNA ziwiri zimene zimapangana, chiwerengero chikuwirikiza pafupifupi ola lililonse, koma ankazipatsa zidutswa zikuluzikulu zokonzeratu. RNA yodzikopera yonse kuchokera ku zilembo chimodzichimodzi, m'badwo ndi m'badwo popanda dzanja la munthu, sinaonetsedwebe.

Choyamba chotchinga ndi zolakwika. Mwana akakopera notsi kwa mnzake amene anakoperanso kwa wina, tsamba limodzi lingafike lomveka, koma buku lonse limafika litasokonekera. Manfred Eigen anaziwerengera mu 1971: utali wa chingwe sungapitirire kwambiri chiwerengero cha zilembo zimene zimakopereka pasanachitike cholakwika chimodzi. Cholakwika chimodzi pa 100 chimalola zilembo pafupifupi 100 basi. RNA yokopera ya zilembo 200 iyenera kulondola kuposa 99.5 peresenti, koma kuti ilondole chonchi iyenera kukhala yaitali. HIV imakhala pafupi ndi malire amenewa: zilembo pafupifupi 9,700, cholakwika chimodzi pa zilembo pafupifupi 30,000. N'chifukwa chake imasintha msanga n'kuyamba kupirira mankhwala munthu akamadumphitsa ma ARV.

Chachiwiri, chingwe chatsopano chimamatirira ku chikombole chake. Kuti zingwe zazitali zilekane pamafunika kutentha kofika pafupi ndi kuwira, ndipo zikazizira zimagwirananso zisanakoperedwe. Pakufunika malo otentha ndi kuzizira, kapena osintha mchere ndi asidi, mobwerezabwereza.

Chachitatu ndi zodyera anzawo. Mu 1967 Sol Spiegelman anaika RNA ya kachilombo ka Q-beta m'chubu pamodzi ndi enzaimu yoikopera, n'kumasamutsa kadontho kupita m'chubu chatsopano. Pofika chubu cha 74 RNA ija inali itataya zoposa 80 peresenti ya zilembo zake, chifukwa chachifupi chimakoperedwa msanga. Pamtetete RNA yothandiza imagonja kwa zopanda ntchito. Chotchinjiriza ndi kathumba: mafuta a fatty acid amadziunga okha m'madzi kukhala timatumba, ndipo kathumba kodzaza ndi zodyera anzawo kamafa kokha. Koma magnesium amene kukopera kumafuna amaphwasula timatumbato. Mu 2013 Katarzyna Adamala ndi Szostak anapeza kuti citrate, wa asidi wa m'mandimu, amafungatira magnesium moti kathumba kamapulumuka, RNA siiduka msanga, koma kukopera kumapitirira.

Taphunzira kuti sickle cell imabwera GAG ikasintha kukhala GUG. Anakonza ndani kuti GAG izitanthauza glutamic acid, ndipo bwanji zilembo zitatu? — Mtsikana wa Folomu 4, Kawale

Mwana wathu, za zitatuzo n'zamasamu. Zilembo ziwiriziwiri zimapereka magulu 16, osakwanira ma amino asidi 20. Zitatuzitatu zimapereka 64: magulu 61 a ma amino asidi ndi 3 oimitsa, UAA, UAG ndi UGA. Gulu loyamba kudziwika linali UUU, la phenylalanine, limene Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anapeza mu 1961.

M'selo GAG sikhudzana ndi glutamic acid mwachindunji. Pakati pali tRNA, ya zilembo pafupifupi 76, imene mbali ina ili ndi zilembo zitatu zogwirana ndi GAG, mbali ina, yothera ndi CCA, yanyamula amino asidi. Amene amasenzetsa tRNA iliyonse katundu wake woyenera ndi maenzaimu 20, ndipo iwowo ndi mapuloteni opangidwa ndi dongosolo lomweli. Ndiye funso la aphunzitsi aja labweranso pakhomo lina.

Njira yotulukira ikuoneka m'zinthu zingapo. Mu 2010 gulu la Michael Yarus linaonetsa RNA ya zilembo 5 zokha ikumangirira phenylalanine ku RNA ina. Mu 1988 Ya-Ming Hou ndi Paul Schimmel anapeza kuti enzaimu ya alanine imazindikira tRNA yake poona zilembo ziwiri zogwirana, G ndi U, pafupi ndi mbali ya CCA, osayang'ana n'komwe zilembo zitatu zija. Mukadula tRNA n'kusiya theka la CCA lokha, imasenzetsedwabe alanine. Zikuoneka kuti theka limeneli ndilo lakale, ndipo RNA zinkanyamula ma amino asidi kuwerenga kusanayambe, mwina chifukwa ma amino asidi amabweretsa luso limene zilembo zinayi zilibe, ndipo timaunyolo tawo tatifupi timalimbitsa RNA. Ada Yonath anaonetsa kuti pakatikati pa ribosome pali kachigawo ka zilembo pafupifupi 180, ka mbali ziwiri zofanana, kamene kangakhale kotsalira ka makina oyamba olumikiza ma amino asidi mosatsata malangizo. Kuwerenga kunadzabwera pambuyo.

Tsegulani tebulo la magulu 64 la m'buku lanu muone nokha kuti silinamwazidwe chisawawa. Magulu oyamba ndi G ndi a glycine, alanine, valine, aspartic acid ndi glutamic acid, omwe aja amapangika mosavuta m'mabotolo a Miller ndi m'miyala yogwa kumwamba. Tryptophan ndi methionine, ovuta kupanga, ali ndi gulu limodzilimodzi, ngati anabwera malo atatsala pang'ono kutha. Magulu onse okhala ndi U pakati ndi a ma amino asidi othawa madzi. Chilembo chachitatu nthawi zambiri sichisintha kanthu: GAG ikasanduka GAA imakhalabe glutamic acid. Mu sickle cell chosintha ndi chapakati, ndiye pamalo a 6 a unyolo wa beta wa hemoglobin pamachoka amino asidi yokonda madzi, pamabwera valine yothawa madzi. Okosijeni akachepa ma hemoglobin amamatirana pamalopo n'kupinda selo.

Mu 1998 Stephen Freeland ndi Laurence Hurst anayerekeza tebulo lathu ndi matebulo ongopeka 1 miliyoni, ndipo limodzi lokha ndilo linaposa lathu pochepetsa kuipa kwa zolakwika. Crick mu 1968 anati tebulo linangouma pamene linafika, popeza mapuloteni atachuluka, kusintha tanthauzo la gulu limodzi kukanaononga onse nthawi imodzi. Ife sitiona chifukwa chosankhira chimodzi: linakula kuchokera ku ma amino asidi ochepa, linasefedwa ndi zolakwika, kenako linauma. Silinaumiretu, chifukwa mu mitochondria athu, tizigawo ta selo topanga mphamvu, UGA siimitsa, imatanthauza tryptophan.

Ngati RNA inkatha zonse, DNA inabwera kudzatani? — Namwino wopuma pantchito, Area 36

Amayi, inabwera kudzasunga. Kuchotsa OH ya pa kaboni wachiwiri ija kumathetsa kudzidula. Mu 2022 ofufuza anawerenga zidutswa za DNA za zaka 2 miliyoni kuchokera m'dothi lozizira la ku Greenland. T nayo ili ndi ntchito yake. Chilembo C chimawonongeka chokha n'kusanduka U, kambirimbiri pa tsiku m'selo lililonse. Mu RNA selo silingadziwe U yeniyeni ndi U yochokera ku C. Mu DNA U ilibe malo, choncho iliyonse yopezekamo ndi cholakwika. Enzaimu imaizula, ndipo G ya pa chingwe chinzake imasonyeza kuti pabwerere C. Ndi zokonza zoterezi zolakwika zimatsika kufika pa chimodzi pa zilembo 1 biliyoni kapena kuchepera apo, n'chifukwa chake munthu amatha kusunga zilembo 3 biliyoni.

Kusinthaku kukuoneka kuti kunayenda pawiri, poyamba shuga, kenako T, ndipo mpaka lero kuli tizilombo togwira mabakiteriya, monga PBS1, timene DNA yake ili ndi U m'malo mwa T. Mabakiteriya ndi ma archaea, nthambi ziwiri zakale kwambiri za zamoyo, ali ndi ribosome ya mtundu umodzi ndi tebulo limodzi, koma maenzaimu awo aakulu okopera DNA si apachibale. Izi zikusonyeza kuti kukopera DNA kunakhazikika tebulo litatha kale, mwinanso kawiri payokhapayokha. Patrick Forterre wa ku France amati mavairasi ndiwo anayambitsa DNA pofuna kuzemba maenzaimu a maselo odula RNA, maselo n'kudzaitengera kwa iwo.